Dzanja Likamachedwa

Munthu wamkulu akamasaina fomu kubanki saganiza n'komwe za dzanja lake. Limangoyenda lokha. N'chifukwa chake ambiri a ife tinaiwala kuti lembo limodzi lokha, tinene a wamng'ono uja, ndi ntchito ya thupi lonse. Msana uimike mwana kuti asagwere pakope. Phewa ligwire mkono, chigongono chikhazikike, dzanja linalo lipanikize pepala kuti lisathawe. Diso lione pamene mzere wayambira ndi pamene uyenera kuthera, ubongo ukumbukire kuti kuzungulira kumayambira pamwamba kulowera kumanzere, kenaka kamtengo katsike pambali osasiya mpata. Zala zitatu zimene timaziona zitagwira pensulo ndi zomalizitsa chabe. Koma poti ndi zokhazo zimene zimaoneka, mlandu wonse umagwera izo, ndipo m'masiku athu zinkalandiranso rula.

Mwana wa mchemwali wanga anabwera kudzakhala nafe kuno ku Zomba atangokwanitsa zaka 6, kuti ayambe Sitandade 1 pa sukulu yapafupi. Ndi mnyamata wodziwa kusimba. Akamakufotokozerani mmene galu wa aneba anathamangitsira wakabaza, mumaseka mpaka nthiti kuwawa. Malembo ankawazindikira msanga: mukaloza n amatchula, mukaloza u amatchula. Koma teremu yoyamba isanathe, kope lake linali lomvetsa chisoni. Malembo ena ankadumpha mizere iwiri, ena ankabisala kunsi kwa anzawo. Pepala linkabooka pamene wafufuta ndi malovu. Ankadinikiza pensulo mwamphamvu moti kuseri kwa tsamba kunkatuluka timizere totupa, ndipo akalemba pang'ono ankakutumula dzanja n'kunena kuti, “Amalume, chala chikuwawa.” Mayi ake atabwera kudzamuona anatsegula kopelo n'kupukusa mutu. “Achimwene, mwanayu ndi waulesi basi. Kulongolola ndiye amatha.”

Mawu amenewo ndawamva kwa makolo ambiri, ndipo sindigwirizana nawo. Waulesi sathyola nsonga ya pensulo. Mwana amene ndinkamuona madzulo pamphasa anali pankhondo: lilime lili panja, phewa litakwera mpaka kukhutu, mpweya ataugwira, mphuno itatsala pang'ono kukhudza pepala. Munthu akamatuluka thukuta chotero koma zotuluka n'kukhala zochepa chotero, choyenera kufunsa n'chakuti mphamvu zakezo zikutayikira pati.

Dzanja la munthu lili ndi mafupa 27, ndipo 8 mwa iwo ndi timafupa ting'onoting'ono ta pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono. Mwana akamabadwa timafupa timeneti timakhala tikadali chicherewecherewe. Timalimba kamodzikamodzi m'zaka zaubwana, ndipo kotsiriza kamadikira mpaka mwana akuyandikira zaka 10 kapena kupitirira. Madokotala amatha kuyerekeza msinkhu wa mwana pongoyang'ana chithunzi cha mafupa a dzanja lake. Dzanja la mwana wa zaka 6 likadali m'kati momangidwa. Komanso thupi limayamba kudzilamulira kuchokera pakati kupita kunsonga. Khanda limalimbitsa khosi lisanakhale, limakhala lisanakwawe, limakumbatira chinthu ndi mikono lisanathe kutola njere ya chimanga ndi zala ziwiri. Phewa likakhala logwedera, zala zimalipira ngongoleyo pofinya pensulo.

Kagwiridwe nako kali ndi masitepe ake. Mwana wa chaka chimodzi ndi theka amafumbata khala m'chikhatho n'kumakhwatcha ndi mkono wonse. Pa zaka 2 kapena 3 amagwira ndi zala zonse, chikhatho chitayang'ana pansi. Kugwira ndi zala zitatu kumabwera cha m'ma zaka 4, koma poyamba zalazo zimangogwirizira, woyendetsa akadali mkono. Ana ambiri amafika poti zala zenizenizo zizisuntha pensulo pakati pa zaka 4 ndi theka ndi 6, ena mochedwerapo. Zojambula nazonso zimabwera motsatana: mzere wotsika cha m'ma zaka 2, wopingasa pambuyo pake, chozungulira pa zaka 3, mtanda cha m'ma 4. Mizere yopendekeka, imene imapanga X ndi chithunzi cha ngodya zitatu, imadikira mpaka zaka 5 kapena kuposerapo. Keith Beery wa ku America, amene anakonza mayeso odziwika oyezera kumvana kwa diso ndi dzanja m'zaka za m'ma 1960, ankalangiza kuti mwana asakakamizidwe kulemba malembo ndi pensulo asanathe kukopera X.

Tsono taonani kumene mwana wathu amayambira. Mphunzitsi aliyense wa Sitandade 1 amadziwa anikumeto, ndondomeko ya malembo oyambirira m'mabuku a Chichewa a pulogalamu ya boma yophunzitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Pa kuwerenga ndondomekoyi ndi yanzeru kwambiri. Malembo amenewa amapezeka pafupipafupi m'Chichewa, ndipo mwana akadziwa anayi okha atha kuwerenga ana, ina, ika, kana. Koma ndondomekoyi imakomera khutu ndi diso. Kwa dzanja, a ndi poyambira povuta, chifukwa amafuna chozungulira chotsekeka ndi mzere wogunda pambali pake, ndipo k, amene ndi wachinayi, ali ndi mizere iwiri yopendekeka yoyenera kukumana pakati pa mtengo. Lembo la l, losavuta kuposa onse, limabwera pambuyo. Ana ambiri amadutsa pamenepa popanda vuto. Amene dzanja lake lachedwa ndi miyezi ingapo amakumana ndi phiri m'masabata oyambirira enieni, ndipo amaphunzira msanga kuti kulemba ndi chinthu chimene iye sachitha.

Nanga kalasi lake ndi lotani? Mu 1994, boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi kupulayimale, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, koma zipinda ndi madesiki sizinaswane mofanana, ndipo mpaka lero kupeza ana oposa 100 m'kalasi limodzi la Sitandade 1 si zachilendo. Madesiki ochepa amene alipo nthawi zambiri amapita kwa a Sitandade 7 ndi 8, amene kulemba anakudziwa kale. Wophunzira kulemba ndiye amakhala pansi, kope lili pabondo, mnzake akumugunda chigongono. M'kalasi lomwelo muli wobadwa mu Januwale ndi wobadwa mu Disembala, muli amene anapitako ku sukulu ya mmera mpoyamba ndi amene pensulo waigwira koyamba tsiku lotsegulira, muli ndi opinimbira, amene kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti anali 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka 5. Mphunzitsi amaona kope likatha kulembedwa, pamzere wokachongetsa. Saona kuti o wa mwana uyu anayambira pansi n'kuzungulira chobwerera, kapena kuti d anamangidwa ndi zidutswa zitatu. Amangoona kuti ndi wokhota, n'kulemba ndi cholembera chofiira kuti “Lemba bwino.” Sindiwaimba mlandu aphunzitsiwo, ine atandipatsa kalasi limenelo sindingafike nalo pa buleki. Koma “lemba bwino” sauza mwana chochita. Iye amaganiza kuti kulemba bwino ndi kudinikiza kwambiri.

Choncho kunyumba tinabwerera kumene dzanja limayambira. Kuseri kwa khitchini yathu kuli khoma losapaka laimu, ndipo makala sasowa. Ndinamuuza kuti khoma limenelo ndi lake. Ankajambulapo mvula ikugwa, msewu wa ku Blantyre, matayala a minibasi, mapiri okwera ndi kutsika, mafunde a ku Chilwa, zonse zazikulu kuposa mutu wake. Kulemba pakhoma utaimirira kumagwiritsa ntchito phewa, ndipo dzanja limapindikira lokha m'mbuyo pang'ono, momwe limayenera kukhalira pogwira pensulo. Mapiri ndi mafundewo si nzeru zanga. Marion Richardson, mphunzitsi wa ku England, anasindikiza mabuku a zojambula zotere mu 1935, pokhulupirira kuti kulemba kumamera kuchokera m'mayendedwe amene mwana amachita kale akamakhwatchakhwatcha, ndipo ena a ife timakumbukira tikudzaza masamba ndi mizere yokwera ndi kutsika tisanapatsidwe lembo ndi limodzi lomwe. Maria Montessori, pa sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907, ankapatsa ana malembo odulidwa pa sandipepala kuti aziwasisita ndi chala. Ife tili ndi mchenga pabwalo, ndipo ubwino wake ndi woti cholakwika chimafufutika ndi phazi osasiya chipsera.

Mayi anga, agogo ake a mwanayo, atabwera kuchokera kumudzi anamuyang'ana tsiku lonse osanena kanthu. Madzulo anafunsa mkazi wanga kuti, “Apongozi, zala za mwanayu zimagwira ntchito yanji pakhomo pano? Nsima mwamutemera, mabatani mwamumangira, nsapato n'zomata, akatopa mwamupatsa foni.” M'mawa mwake anamukhazika pambali pawo ndi lichero la mtedza. Kuswa mtedza kumafuna kuti chala chachikulu ndi chamkombaphala zipanikize pamalo amodzi ndi mphamvu yoyenera, khoko lisweke koma mtedza usaphwanyike, ndipo kuyeza mphamvu kumeneku ndi kumene dzanja lake linkalephera pa pensulo. Anamuphunzitsa kusadzula nkhwani, kusankha timiyala mu mpunga, kutong'ola chimanga, kufinya kansalu kotsukira mbale, kupanira zovala pachingwe ndi mapegi. Anapita naye kudambo kukatapa dongo n'kuumba ng'ombe, nyanga zake zopota ndi nsonga za zala. Anamulowetsanso m'bwalo la phada, ngakhale anyamata anzake ankamuseka kuti ndi masewera a atsikana. Mwala uli m'mwamba, diso liutsate, dzanja likankhe ina pansi n'kubwerera msanga kudzawakha. Sindikudziwa choseweretsa cha m'sitolo chimene chimaphunzitsa diso ndi dzanja kumvana kuposa pamenepo.

Apa pali msampha, ndipo ndaona anzanga ophunzira akugweramo mosangalala. N'kosavuta kunena kuti makolo athu anali nazo kale zonse, tingobwerera ku lichero mavuto atha. Koma kumudzi kuli ana ambirimbiri amene amatong'ola chimanga mpaka matuza, amapanga galimoto zamawaya zokhota ndi chiwongolero, komabe makope awo ndi osawerengeka. Zala zolimba sizidziwa zokha kuti b amayambira pati. Mu 2011 akatswiri atatu a ku Canada, Hoy, Egan ndi Feder, anasanthula kafukufuku amene analipo pa njira zothandizira ana ovutika kulemba. Anapeza kuti njira zimene sizinkalembetsa ana malembo enieni sizinasinthe kalembedwe kawo, ndipo zimene zinathandiza zinali ndi kuyeserera kulemba kwenikweniko, maulendo osachepera 20. Mtedza ndi dongo zimakonza dzanja, zimathandiza kumanga batani, zimapatsa mwana chidaliro. Koma lembo limaphunziridwa polilemba.

Nkhani yagona pa mmene akulilembera, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi chilango chija cha “dzaza tsamba lonse.” Mwana amene amapanga a molakwika akadzaza tsamba, wazoloweretsa dzanja kulakwitsako, ndipo mzere wotsiriza umaipa kuposa woyamba chifukwa cha kutopa. Mtsikana amene lero amadendekera ndowa ya malita 20 sanayambe ndi ndowayo. Anayamba ndi kachitini, pa kamtunda kakafupi, mkulu wake ali pambali kumuwongola khosi. Ife tinkakhala mphindi 10 zokha, dzuwa lisanalowe, iye atadya kale. Mpando unali wautali, ndiye tinaika njerwa kuti mapazi aponde, chifukwa mwana amene miyendo ikulendewera amadzichirikiza ndi mkono womwe amayenera kulembera. Pensulo yaitali ndinaidula pakati. Kapensulo kakafupi sikafumbatika m'nkhonya, kamakakamiza nsonga za zala kuti zigwire. Mzere wokhalapo malembo ndinkaudetsa ndi cholembera kuti diso lisausake.

Malembo tinkawatenga m'mabanja, potengera mmene dzanja limayendera osati mmene amamvekera. Tinayamba ndi otsika: l, i, t, u. Kenaka ozungulira, amene onse amayamba momwe amayambira c: o, a, d, g. Kenaka otsika n'kubwerera kudzadumpha: n, m, r, h, b, p. Opendekeka aja, k, v, w, y, z, anadikira kumapeto. Ndinkalemba limodzi iye akuona, ndikunena mokweza zimene dzanja likuchita: “Zungulira, kwera, tsika.” Iye ankabwereza mawuwo akulemba m'malere, kenaka pamchenga, kenaka papepala, asanu okha. Akatha ndinkamufunsa kuti, “Iwe, mwa asanuwa mfumu ndi uti?” Ankaloza n'kupereka chifukwa: uyu wakhala pamzere, uyu watseka pakamwa, uyo wagona. Funso limenelo linagwira ntchito kuposa kuchonga kwanga, chifukwa linamuchititsa kuyang'ana zimene walemba. Kale ankangotseka kope msangamsanga kuti asazione.

Mabuku a timadonthomadontho amene adzaza m'mashopu ndi m'sukulu zambiri za mkombaphala ndimawakayikira. Amasangalatsa kholo chifukwa tsamba limaoneka laudongo. Koma mwana atha kulondola madontho kuyambira paliponse, maganizo ali kwina, osasunga kanthu. Karin James wa pa Indiana University, mu kafukufuku wosindikizidwa mu 2012, anajambula ubongo wa ana a zaka 5 amene anali asanadziwe kuwerenga. Ana akalemba lembo okha ndi dzanja kenaka n'kulionanso, mbali za ubongo zimene timawerengera zinkadzuka kwambiri kuposa pamene analilondola pamadontho kapena kulidina pa kompyuta. Lembo lokhotakhota limene mwana walipanga yekha lili ndi phindu limene lokongola lolondola lilibe. N'chifukwa chakenso sindivomerezana ndi anzanga amene amati m'dziko la mafoni kulemba pamanja kwatha ntchito. Ndipo mayeso a MANEB akulembedwabe ndi cholembera.

Za kagwiridwe ka pensulo sindinalimbane nazo kwambiri. Iye amagwira ndi zala zinayi, chachikulu chitapingasa pang'ono. Heidi Schwellnus ndi anzake ku Toronto, mu 2012, anayerekeza ana a giredi 4 ogwira pensulo m'njira zinayi zosiyana zimene zimalola zala kuyenda, ndipo sanapeze kusiyana pa liwiro kapena pa kuwerengeka kwa zolemba zawo. Ngati zala zikuyenda ndipo sizikuwawa, musiyeni.

Pali ana ena amene vuto lawo timalipanga ndife akuluakulu. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 alionse ndi wamanzere, ndipo kwathu kuno dzanja lamanzere lili ndi mbiri yoipa: sulandirira kanthu kwa wamkulu, sudyera nsima, superekera moni. Y. P. Zverev, amene ankaphunzitsa pa College of Medicine ku Blantyre, anasindikiza kafukufuku mu 2006 wosonyeza kuti anthu atatu mwa anayi alionse amene anafunsidwa ankaona kuti dzanja lamanzere siloyenera kulizolowera pa ntchito za tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa iwo ankati wamanzere akakamizidwe kusintha. Za moni ndi kulandira sinditsutsa. Mwana atha kuphunzira kulandira ndi manja awiri. Koma kulemba ndi nkhani ina. Kamtsikana ka panyumba yoyandikana nafe kankabwera kudzaonerera maphunziro athu a madzulo, ndipo zolemba zake zinali zonjenjemera kuposa za mnyamata wathu. Tsiku lina ndinakaponyera ndimu, n'kuwakha ndi lamanzere. Pakhoma la makala kanajambula ndi lamanzere, mizere yowongoka bwinobwino. Pakope kankalemba ndi lamanja chifukwa kanauzidwa kuti linalo ndi lamwano. Mwana wotere safunika dongo kapena mtedza. Amafunika chilolezo, mutu wa pepala upendekere kumanja, zala zigwire chapatali pang'ono ndi nsonga kuti aziona zimene akulemba, ndiponso akhale kumanzere kwa mnzake kuti zigongono zisamagundane.

Ndiye pali ana amene makala, mtedza ndi mphindi 10 siziwakwanira, ndipo kuwasunga kunyumba n'kuwalakwira. Ngati mwana akuvutikanso kumanga batani, kudya osatayira, kuwakha mpira, kudumpha ndi mwendo umodzi, ndipo amangogwaigwa, mwina ali m'gulu la ana 5 kapena 6 mwa 100 alionse amene ubongo wawo umavutika kusanja mayendedwe a thupi ngakhale nzeru zili bwinobwino. Madokotala amalitcha vutoli developmental coordination disorder. Ngati dzanja limodzi ndi lofooka kapena louma kuposa linzake, ngati ankatha kuchita zinthu kenaka n'kuleka, ngati anabadwa masiku asanakwane kapena anachedwa kulira pobadwa, ngati anadwalapo malungo a mu ubongo n'kukomoka, pitani naye kuchipatala ndi buku lake la kusikelo. Madokotala a pa Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akufufuza malungo amenewa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo n'zodziwika kuti ena mwa ana opulumuka amatsala ndi khunyu, mavuto a kayendedwe kapena a kuphunzira, ena oonekera patapita nthawi. Maso nawo ayezedwe, chifukwa mwana amene saona bwino bolodi amakopera zimene akuganiza kuti zalembedwa. Mnyamata wathu tinamuyezetsa, anapezeka kuti amaona bwino. Dziko lino lili ndi chida chakechake choyezera kakulidwe ka ana aang'ono, Malawi Developmental Assessment Tool, chimene Melissa Gladstone ndi anzake anachisindikiza mu 2010 atachiyesa pa ana a m'midzi yathu, ndipo luso la zala ndi limodzi mwa magawo ake anayi. Ku Kachere ku Blantyre kuli akatswiri olimbitsa ziwalo, ndipo koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imasula aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera. Ndi ochepa poyerekeza ndi ana owafuna, koma poyambira kufunsa ndi kwa mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi wa maphunziro wa kuzoni.

Chimene chinkandidetsa nkhawa kwambiri sichinali malembo okhota. Ndinkaopa kuti mnyamata wodziwa kusimba uja ayamba kukhulupirira kuti ndi mbuli. Zizindikiro zinayamba kuoneka: akauzidwa kulemba chiganizo ankasankha chachifupi kwambiri chimene angachipeze, ngakhale m'mutu muli nkhani yonse. Dzanja likamadya maganizo onse, sipatsala malo oganizira chonena. Ndiye Loweruka tinkasinthana ntchito. Iye ankasimba, ine n'kumalemba liwu ndi liwu m'kope lapadera, osakonza kanthu. M'menemo muli nkhani ya mbuzi imene inakwera minibasi ya ku Liwonde osalipira, ndi ya kondakitala amene anailondola mpaka kukhola. Iye ankajambula chithunzi n'kulemba mutu wokha, mawu awiri kapena atatu, madzulo n'kuwerengera a m'nyumba onse. Patapita nthawi anayamba kundilanda cholembera kuti amalize yekha chiganizo chotsiriza, ati amalume amachedwa kumva.

Teremu yachitatu ndinapita kukaonana ndi aphunzitsi ake, ana ataweruka. Ndinanyamula makope awiri, la kusukulu ndi la kunyumba, ndipo ndinayamba ndi kuthokoza, chifukwa amene anamuphunzitsa kuwerenga ndi iwowo. Anayang'ana makope onse awiri kwa kanthawi. “Bambo, kunyumba akulemba malembo asanu, kuno ndimafuna bolodi lonse belu lisanalire. Mwana ndi yemweyo, koma ntchito ndi ziwiri.” Tinagwirizana zinthu zing'onozing'ono: azikopera mizere iwiri yoyamba yokha koma yowerengeka, azikhala kutsogolo chakukhoma kumene sakankhidwa, azibwera ndi kabolodi ka pulayiwudi kamene kalipentala wina anatidulira koika pamiyendo kuti kope lisamapindike, ndipo zimene akudziwa azifunsidwanso pakamwa. Za chaka chamawa anandichenjeza okha. Ku Sitandade 2 zolemba zimachuluka, liwiro limayamba kuwerengedwa, ndipo s ndi z wake akutembenukabe. Anati kutembenuza malembo sikuwadetsa nkhawa mwana asanakwane zaka 7 kapena 8, koma anandipempha kuti patchuthi tisasiye mphindi 10 zija. Kenaka anandifunsa mtengo wa kabolodiko, ndiponso ngati kalipentalayo angadule tina, chifukwa m'kalasimo muli ana ena angapo amene akufuna kuwayesa nato.